Bridge ya tremolo: muisiye floating kapena muigoneke flush, nayi njira yoikonzera nokha

Ngati mumaimba lead kutchalitchi kapena mu bandi muno mu Lusaka, mwina gitala yanu ndi ya mtundu wa Strat, kaya ndi Squier, Yamaha Pacifica, kapena izi zopanda dzina lodziwika zomwe timagula m'mashopu a mu town, zonsezo kumbuyo zili ndi kachivundikiro ka pulasitiki ndipo mkatimo muli masipuling'i. Ndikudziwanso kuti ambiri ka arm kaja, kachitsulo kokankhira bridge kuti mawu atsike kapena akwere, munakamasula kalekale kakungokhala m'thumba la chikwama, chifukwa mukangokagwira chabe gitala yonse imachoka pa kiyi ndipo a kiyibodi amayamba kukuyang'anani. Bridge ya tremolo imeneyo, chitsulo chomwe chimagwira mawaya pa bodi, si yoipa abale anga. Kungoti palibe amene anaikonzapo chitulukireni mu katoni, ndipo kuikonza kwake si ntchito yoti mpaka mukafune munthu ku South, ndi ya masana amodzi pa tebulo la pakhomo.

Koma tiyambe tamvetsa chimene chikuchitika mkatimo, apo ayi mudzangopotokola masikuluwu mwachimbulimbuli. Leo Fender anatulutsa Stratocaster mu 1954 ndipo kapangidwe ka bridge kaja mpaka lero sikanasinthe kwenikweni. Pamwamba pali plate yachitsulo pomwe pakhala ma saddle sikisi, tizitsulo tomwe mawaya amatsamirapo, kunsi kwa plate kwamangidwa chitsulo cholemera chija amati block, chimadutsa m'bodi n'kuonekera kumbuyo. Mawaya amakoka bridge kuti iweramire kumutu kwa gitala, masipuling'i amakoka block ija cha pansi kuti bridge ibwerere, ndipo mbali ina ya masipuling'iwo yakoledwa pa kachitsulo ka zala kotchedwa claw komwe kagwidwa ndi masikuluwu awiri aatali olowa m'thabwa. Mphamvu yake si yamasewera, mawaya a saizi ya 10-46 akachunidwa pa standard amakoka pafupifupi makilo 45, a 9-42 pafupifupi 38. Zili ngati sikelo yakale ya mbale ziwiri ija ya pamsika, mukachotsako kanthu mbali imodzi mbali inayo imatsika basi, palibe kukambirana.

Manje floating ndi pamene mawaya ndi masipuling'i zalingana mphamvu, kumbuyo kwa plate kwatukuka pang'ono sikukugunda bodi, ndiye arm mutha kuikankhira pansi mawu atsike kapena kuikokera m'mwamba mawu akwere. Flush ndi pamene masipuling'i apambana, plate yagona pa bodi, arm imangopita pansi chabe.

Ndinene za kukhosi kwanga tisanapite patali. Kwa ambiri a ife flush ndiye yoyenera. Taganizirani mmene timaimbira kuno. Praise yatentha, sebene ili mkati, waya wa E wam'munsi, wowonda uja, waduka, pa floating mphamvu ya mawaya yachepa ndiye masipuling'i amakoka bridge kumbuyo ndipo mawaya asanu otsalawo onse amakwera nthawi imodzi, gitala yatha ntchito pompo mpaka mutaika waya wina n'kuchuna kambirimbiri. Pa flush plate ilibe kopita, yagona kale, mumamaliza nyimbo ndi mawaya asanu anthu osadziwa n'komwe. Ndipo ndi angati mwa ife amene ali ndi gitala yachiwiri yongodikira pa stand? China, kaimbidwe kathu ka rhumba ndi kalindula kamadalira kwambiri mawu awiri olira pamodzi, ndiye pa floating mukabenda waya umodzi bridge imatukuka pang'ono ndipo mnzake uja amatsika, khutu labwino limamva kuti penapake sipali bwino. Mukatsamiritsa chikhatho mwamphamvu pa bridge pofuna mute, mawu amakwera. Mukatsitsa E wamkulu kupita pa D, enawo amakweranso. Komanso mawaya kuno timagula omwe tapeza tsiku limenelo, mwezi uno 9, mwezi winawo 10, nthawi zina waya umodzi umodzi wa mitundu yosiyana, ndipo floating zimenezo siifuna ngakhale pang'ono.

Sindikunyoza floating ayi. Pali kukoma kwina komwe flush siingakupatseni, pa worship yapang'onopang'ono mwagwira chord yaclean muli ndi delay, kenako mukugwedeza arm mofewa mawu akuyenda pamwamba ndi pansi pa noti mofanana, pamenepo mtima umakhala m'malo. Jeff Beck kaimbidwe kake ka pa Strat kankadalira kwambiri bridge ya floating. Eric Clapton yekha bridge yake anachita kuitseka ndi thabwa, mpaka gitala ya dzina lake yomwe Fender anatulutsa mu 1988 imabwera yotsekeratu. Onse awiri ndi akatswiri, ndiye funso ndi loti inuyo arm mumaigwiritsadi ntchito kangati pa Sande imodzi, ndipo muli wokonzeka kugula mawaya a saizi imodzimodzi nthawi zonse? Ngati yankho lake mukuchita kuganizira, gonekani flush.

Zida zake si zambiri. Screwdriver ya star yaikulu bwino yokwana pa masikuluwu a claw, musagwiritse kakang'ono kokonzera mafoni kadzadya mutu wa sikuluwu, ina yaing'ono ya chivundikiro ndi ma saddle, ma Allen key, pa magitala ambiri ochokera ku Asia ya ma saddle imakhala 1.5 mm ndipo ya truss rod, chitsulo cha mkati mwa khosi la gitala chowongolera khosilo, 4 kapena 5 mm, pomwe Fender za ku America zimayendera ma inchi ndiye musakakamize key yosakwana. Tuner, olo ya pafoni imagwira bola m'nyumba mukhale bata. Capo. Pensulo wamba. Kansalu. Ndiye makadi akale a ATM kapena ena aliwonse a pulasitiki a saizi imeneyo okwana anayi ndi ena awiri oyezera, chifukwa kadi imodzi ndi yokhuthala 0.76 mm, awiri amapanga pafupifupi 1.5 mm, anayi pafupifupi 3 mm, ndipo manambala awiri amenewa ndi omwe tiwafune kutsogoloku. Ma screwdriver ndi ma Allen key mupeza mu hardware iliyonse ku Kamwala kapena kukomboni kwanu komweko. Yalani thaulo patebulo kuti penti isakalike, ndipo ntchitoyi muigwire masana kuli kuwala.

Musanamasule kalikonse sankhani zinthu ziwiri ndipo musazisinthenso, saizi ya mawaya ndi machunidwe. Ngati bandi yanu imatsitsa magitala theka la sitepi kupita pa E flat kuti oimba asavutike, konzerani pomwepo. Ndipo ikani mawaya atsopano. Kukonza bridge ndi mawaya a dzimbiri a chaka chatha ndi kutaya nthawi, intonation, kumveka bwino kwa manoti pa ma fret onse, siidzakhala.

Gawo loyamba ndi masikuluwu a kutsogolo kwa plate, ndipo apa ndi pomwe magitala ambiri amalakwikira. Masulani mawaya akale onse, tembenuzani gitala, chotsani chivundikiro, jambulani chithunzi pafoni kuti mukumbukire mmene zinalili. Muona kawaya kakang'ono ka magetsi kowotcheredwa pa claw, kameneko ndi ka earth, musakadule, kakaduka gitala imachita phokoso lija la zzzz lomwe silisiya olo mutagwira mawaya. Masulani pang'ono masikuluwu a claw kuti masipuling'i afewe kenako muwachotse mmodzi mmodzi mowatukula kumbali ya block, nkhope ikhale patali chifukwa amatha kudumpha. Tsopano bridge ili yokha. Ngati ndi ya masikuluwu sikisi, yambani ndi awiri a m'mphepete, mangani imodzi pang'onopang'ono mukuyang'ana kumbuyo kwa plate, mukaona kuti kwayamba kutukuka ndiye kuti mwapyola, bwezani mpaka plate igone bwinobwino ndipo mutu wa sikuluwu ungokhudza chabe plate osaipanikiza. Inzakeyo chimodzimodzi. Anayi apakatiwo muwasiye okwera, a Fender amati pafupifupi 1.6 mm pamwamba pa plate, ntchito yawo ndi kungogwiriza kuti bridge isasunthe, kuyenda kwenikweni kumachitikira pa awiri a m'mphepete aja. Gwedezani bridge ndi dzanja, iyende mofewa osakodwa pena paliponse. Anthu ambiri akaona sikuluwu yokwera dzanja limawayabwa amafuna aimange zolimba, ndiye plate imapanikizika, arm ikapita pansi bridge siibwereranso pamalo pake enieni, kenako timati gitala ya China siisunga kiyi.

Ngati bridge yanu ndi ya masikuluwu awiri akuluakulu okha, mtundu womwe Fender anayamba kuika pa American Standard chakumapeto kwa ma 1980, lamulo lake ndi limodzi, musawapotokole mawaya ali olimba. Plate imatsamira pa iwo ndi timphepete takuthwa, mukapotokola pali mphamvu timphepeteto timabunthuka ndipo kukonzanso kwake n'kovuta. Samalaninso kuti mukachotsa mawaya ndi masipuling'i bridge yotereyi imatha kungogwa yokha n'kukanda penti.

Bridge ikadali poyera chonchi pukutani fumbi lonse, makamaka ngati gitala yadutsa mu Ogasiti ndi Seputembala wa fumbi uja, fumbi limasakanikirana ndi thukuta pansi pa ma saddle n'kuyamba dzimbiri. Kadontho kamodzi ka mafuta a mashini osokera pomwe plate imakhudzana ndi masikuluwu, kamodzi chabe, osati kusambitsa.

Bwezerani masipuling'i. M'menemo mumakwana asanu koma atatu amakwanira pa 9-42 ndi 10-46, anayi ngati mumaika 11 kapena mukufuna arm yolimba. Ena amaika atatuwo mowongoka, ena awiri a m'mphepete amawapendeketsa kuti akumane chapakati pa claw. Ine ndimaika mowongoka chifukwa onse amakoka mofanana ndipo zikavuta ndimadziwa poyambira. Masipuling'i ochepa otambasuka kwambiri amapereka arm yofewa, ochuluka amapereka yolimba komanso bridge yosatekeseka mukabenda.

Ikani mawaya atsopano. Pa chochunira musakulunge chimulu, akuluakulu atatu aja kawiri kapena katatu, ang'onoang'ono katatu kapena kanayi, mizere ikutsika pansi mwadongosolo osakwerana. Waya wokulungidwa mosokonekera amamasuka arm ikapita pansi ndipo sabwereranso mmene analili. Mukachuna kokani waya aliyense ndi zala pang'ono pang'ono kuyambira ku bridge mpaka ku nut, kachidutswa koyera ka kumutu komwe mawaya amadutsa, chunaninso, kokaninso, mpaka asiye kutsika. Musadumphe gawo ili chonde, mukalidumpha zonse zotsatirazi zidzakhala zikusuntha.

Apa njira zikusiyana. Tiyambe ndi flush popeza ndi yachidule.

Mangani masikuluwu awiri a claw mosinthana, theka la kuzungulira uku theka uku, kuti claw isapendekeke, mpaka kumbuyo kwa plate kugone pa bodi. Chunani. Ngati pochuna plate yatukukanso, mangani kachiwiri, chunaninso. Ikagona mawaya ali pa kiyi, yesani chonchi, imbani E wamkulu open alire, mukuyang'ana tuner, kenako bendani waya wa G pa fret 7 kapena 9 sitepi yathunthu ngati mmene mumachitira mu solo. E uja akatsika olo pang'ono ndiye kuti plate ikutukukabe, onjezani kota ya kuzungulira mbali zonse ziwiri muyesenso. Mukafika poti mukubenda mwamphamvu koma E sakusuntha, imani pomwepo. Musapitirize kumanga mpaka claw ikagunde thabwa poganiza kuti kulimba ndiye ubwino, arm idzauma moti pofuna kuikankha mudzaipinda kapena kuithyolera mkati mwa block, ndipo kuchotsa chidutswa chothyokera mmenemo ndi mavuto ena. Timangofuna masipuling'i apambane mawaya pang'ono chabe.

Ngati arm simuifuna ngakhale pang'ono, mutha kutsekeratu. Plate itagona flush chonchi, yang'anani kumbuyo muona mpata pakati pa block ndi khoma la thabwa la mbali ya kumchira kwa gitala, komwe kulibe masipuling'i. Semani kathabwa kolimba kokwana ndendende mumpatamo, kalipentala aliyense wa ku Kalingalinga kapena Garden angakudulireni pa zotsalira za mukwa, kalowe mothina koma osachita kukhomera ndi hamala. Basi bridge yatsekeka mbali zonse.

Manje floating, apa ndiye pofunika mtima. Ambiri amachita motere, achuna, aona bridge yakwera, amanga claw, mawaya akwera, achunanso, bridge yatsika, amasula claw, ndipo dzuwa limalowa akuzungulira pomwepo, chifukwa mukakhudza mbali imodzi inayo imayankha. Njira yosavuta ndi yoimitsa bridge pamalo pomwe mukuifuna kaye kenako n'kubweretsa masipuling'i kuti agwirizane nayo. Tengani makadi anayi aja muwamange pamodzi ndi selotepi. Kankhirani arm pansi kuti kumbuyo kwa plate kutukuke, lowetsani makadiwo pansi pa mphepete ya kumbuyo kwa plate, pang'ono chabe osati mpaka mkati, siyani arm. Mangani claw mpaka plate ipane makadi zolimba osatheka kusolola. Mpata umenewu wa 3 mm uli pafupi kwambiri ndi 3.2 mm yomwe a Fender amalangiza. Tsopano bridge siikusuntha, chunani mawaya onse mwamtendere ngati gitala wamba.

Makadiwo musawachotse msanga. Asiyeni momwemo mukonzeretu khosi, kutalika kwa mawaya ndi intonation monga ndifotokozere pansipa, bridge ili chiimire, zimakupulumutsani ku chizungulire chambiri. Zonsezo zikatha ndipo gitala ili pa kiyi ndendende, yambani kumasula claw kota kota mosinthana, mukuyesa kukoka makadi mofewa ndi zala. Idzafika nthawi yoti makadi asololoka okha mosavuta, pamenepo ndiye kuti mawaya ndi masipuling'i zalingana. Chotsani makadi muyang'ane tuner, ndipo apa mverani bwino, zochunira za kumutu musazikhudze. Ngati mawaya onse akwera pang'ono, masipuling'i akadali ndi mphamvu yambiri, masulani claw pang'ono. Ngati onse atsika, mwamasula kwambiri, mangani pang'ono. Mukuchuna gitala ndi screwdriver kumbuyo mpaka singano ya tuner ibwerere pakati. Ikabwerera, mpata uja udzakhala 3 mm womwewo.

Pomasula claw muziyang'ana kutalika kwa masikuluwu komwe kwatsala m'thabwa. Akatuluka kwambiri amatha kuzuka ndi mphamvu yonse ija. Ngati mwamasula maningi koma makadi akupanikabe, masipuling'i achuluka, fewetsani mawaya muchotse imodzi muyambirenso. Ndipo bowo la sikuluwu likakhala lakula moti ikungozungulira osagwira, tsekanimo timitengo ta machesi ndi guluu wa matabwa, muisiye usiku wonse iume musanamangenso.

Kodi 3 mm imeneyi imakupatsani chani? Mukakokera arm m'mwamba mpaka plate igunde bodi, mawaya sakwera mofanana, G amakwera kwambiri, B pang'ono, E wam'munsi pang'ono koposa. Oimba ambiri amakonda kuika poti G akwere sitepi imodzi ndi theka, B sitepi imodzi, E theka, chifukwa pamenepo chord ikakokedwa imakafika pa mawu omveka osati pakatikati. Yesani ndi tuner. Ngati G sakufika, onjezani mpata pang'ono, ngati akupyola, chepetsani. Ngati mumangofuna kugwedeza kofewa pa worship, makadi awiri okha akwanira, 1.5 mm, ndipo ine ndimaona kuti kwa woyamba kumene imeneyi ndiye yabwino chifukwa waya akaduka gitala siithawira kutali kwambiri.

Tibwerere ku zija ndati muchite bridge ili chiimire, ndipo izi ndi za onse, a flush ndi a floating omwe.

Khosi kaye. Gitala ili pa kiyi, igwireni mmene mumaigwirira poimba osati chogona patebulo. Ikani capo pa fret yoyamba, dinani E wamkulu pa fret yomaliza, muyang'ane mpata pakati pa waya ndi pamwamba pa fret 8. Ukhale pafupifupi 0.25 mm, ndipo choyezera muli nacho kale, kachidutswa komwe mwadula ku E wam'munsi wa seti ya 10 ndi kokhuthala chimodzimodzi. Kalowe mongokhudza. Mpata ukakula khosi lapindikira kutsogolo, mangani truss rod, ukasowa masulani. Kota ya kuzungulira basi kapena kuchepera apo, kenako dikirani thabwa likhazikike, chunani, yezaninso. Ikakana kuzungulira musalimbane nayo, pitani nayo kwa wodziwa, truss rod ikathyoka khosi lonse lapita.

Kenako kutalika kwa mawaya. Chotsani capo, yezani pa fret 17 kuchokera pamwamba pa fret mpaka kunsi kwa waya, poyambira pabwino ndi 1.6 mm, ndiye makadi awiri ena alowe mongokhudza. Saddle iliyonse ili ndi timasikuluwu tiwiri ta Allen, tikwezeni mofanana kuti saddle isapendeke, ndipo ma saddle onse sikisi atsatire kupindika kwa fretboard, apakati okwererapo a m'mphepete otsikirapo. Ngati dzanja lanu ndi lolemera, monga ambiri oimba rhythm ya kalindula, kwezaniko pang'ono mbali ya mawaya akuluakulu. Dziwaninso kuti mukachoka pa floating kupita pa flush mawaya amatsika okha chifukwa plate yagona, ndiye mukamva akulira pa ma fret musadabwe, kwezani ma saddle. Mukachoka pa flush kupita pa floating amakwera.

Intonation ndiye imapangitsa kuti chord ya pamwamba pa khosi imveke bwino mofanana ndi ya pansi, ndipo ife a lead timakhalira kumtunda komweko. Chunani waya open, kenako mudine pa fret 12 mofewa ngati poimba. Tuner ikaonetsa kuti wakwera, waya wafupika, bwezani saddle kumbuyo pomanga sikuluwu ya kumbuyo kwa plate. Ikaonetsa kuti watsika, saddle ipite kutsogolo. Fewetsani waya pang'ono musanakoke saddle kumbuyo kuti musadye mutu wa sikuluwu, chunaninso, yesaninso, waya uliwonse. Ngati E wamkulu akungogwedezeka pa tuner osakhazikika, onani ma pickup, akayandikira kwambiri maginito ake amakoka waya. Dinani pa fret yomaliza, pakati pa pickup ndi waya pakhale pafupifupi 2 mm kapena kuposerapo pang'ono mbali ya mawaya akuluakulu.

Tsopano nkhani yomwe ndimafuna aliyense aimve. Mwakonza zonsezi, mwakankha arm pansi, mwaisiya, ndipo G wabwerera ali pamwamba. Musathamangirenso ku masipuling'i. Nthawi zambiri wolakwa ndi nut, kachidutswa koyera kaja ka kumutu komwe mawaya amadutsa. Arm ikapita pansi waya amafewa n'kutsetsereka m'kangalande ka nut, pobwerera amakodwa, ndiye amatsala wolimba mbali imodzi. Chizindikiro chake ndi kaphokoso ka ting! pochuna, kapena kupotokola chochunira mawu osasintha kenako n'kudumpha kamodzi. Fewetsani waya, mumutukule, pakani nsonga ya pensulo m'kangalandemo mpaka mude bii, ena amasakaniza ndi ka Vaseline pang'ono, bwezani waya. Pakaninso pansi pa kachitsulo kogwira mawaya a B ndi E kumutu kuja, ndi pamwamba pa saddle pomwe waya amakhotera. Ngati gitala inabwera ndi 9 ndipo inu mwaika 10 kapena 11, tingalandeto titha kukhala tothina, pindani kasandipepa kosalala kwambiri mudutsitse m'mbali mokha kawiri katatu. Pansi pake musakhudze. Mukakumba pansi waya adzagona pa fret yoyamba ndipo pamenepo mufunika nut yatsopano.

Za arm yeniyeniyo, ngati ndi yopotokola ndipo imagwedera m'bowo, kulungani thread tape ya mapulamba kawiri katatu pa mazinga ake, kugwedera kumatha. Musaimange mpaka pamapeto mwamphamvu. Arm ya gitala ina musaikakamize pa yanu, mazinga amasiyana pakati pa za ku America ndi za ku Asia ndipo mudzaononga block. Masipuling'i akamalira okha kumbuyo mukasiya kuimba, makamaka pa distortion, lowetsani kasiponji kopyapyala mkati mwawo kapena pansi pawo.

Amene muli ndi Floyd Rose kapena bridge zina zokhala m'dzenje losemedwa pa bodi, mfundo ya mawaya ndi masipuling'i ndi yomweyi koma plate yanu ilibe pogona, imayenera kukhala yolingana ndi bodi osaweramira kutsogolo kapena kumbuyo. Kuti izingopita pansi chabe, kathabwa kamaikidwa kumbuyo pakati pa block ndi khoma la mbali ya masipuling'i, kenako mumange claw kuti block itsamire pa kathabwako.

Pochuna gitala ya floating tsiku ndi tsiku, musayembekeze kuti ulendo umodzi ukwanira, mukakweza waya mmodzi ena amatsika pang'ono, ndiye dutsani onse sikisi kawiri kapena katatu, ndipo nthawi zonse mufike pa noti mochokera pansi. Posintha mawaya chotsani mmodzi muike mmodzi, kapena bwezerani makadi aja pansi pa plate kuti bridge isagwe. Muwasunge m'chikwama cha gitala pamodzi ndi ma Allen key.

Nyengo ya kuno nayo imasuntha zinthu. Kuyambira Meyi mpaka Okutobala mpweya ndi wouma, thabwa limauma, kenako mvula ikayamba mu Novembala limamwa chinyezi ndipo khosi limasintha, mawaya omwe anali bwino amayamba kulira pa ma fret oyambirira kapena kukwera. Khosi likasuntha floating imasunthanso. Ndiye kawiri pachaka, mvula ikangokhazikika komanso kuzizira kwa Juni kukayamba, tengani capo ndi kachidutswa ka waya kaja muyeze pa fret 8, muonenso ngati makadi akulowabe pansi pa plate mongokhudza. Gitala musaisiye m'galimoto yotseka mawindo mu Okutobala kapena kuitsamiritsa pakhoma m'tchalitchi cha malata sabata yonse, ndipo mukafika nayo pamalo oimbira itulutseni m'chikwama ikhale kaye mphindi khumi izolowere mpweya wa pamenepo musanachune. Chivundikiro cha kumbuyo mubwezere pakatha masiku awiri kapena atatu, chifukwa mawaya atsopano akamakhazikika mudzafunanso kota imodzi pa claw.